Pangano lobisika kuseri kwa pepala la inshulansi

Kudacha bwinobwino Lachinayi pa 15 Malichi 2001 m'dziko la Australia. Amisiri omanga nyumba adalawirira kuntchito monga mwa masiku onse. Anthu amene adalumala pangozi ankawerenga masiku, kudikira ndalama zawo za pamwezi zochokera ku kampani ya inshulansi. Koma pomwe dzuwa limalowa, nkhani idali m'kamwam'kamwa: kampani ya HIH, yachiwiri pa kukula mwa makampani a inshulansi ya katundu ndi ngozi m'dzikomo, yagwa chagada, ndipo khoti laipereka m'manja mwa akatswiri a za chuma kuti aone chimene chatsala.

Chotsalacho chidali chochepa. Akatswiriwo atawonkhetsa adapeza kuti ngongole za HIH zimaposa chuma chake ndi ndalama zapakati pa madola 3.6 biliyoni ndi 5.3 biliyoni a ku Australia. M'mbiri ya dzikolo mudali musanagwe kampani yosiya dzenje lalikulu chotero.

Amene adamva kuwawa sadali eni masheya okha. Olumala aja ndalama zawo zidaima. Mabanja amene nyumba zawo zidapsa kapena kuonongeka adatsala ndi mapepala m'manja. M'zigawo zina za dzikolo lamulo silinkalola mmisiri kuyamba kumanga nyumba ya munthu popanda inshulansi yoteteza mwininyumbayo, ndipo amisiri ambiri inshulansi imeneyi ankagula ku HIH. Ntchito zidaima, njerwa ndi simenti zili pomwepo. Matimu a masewero a m'madera ndi magulu okonza zisangalalo nawo adavutika kupeza inshulansi ina, ndipo kumene idapezeka mtengo udali utakwera zedi.

Chodabwitsa n'chakuti miyezi yochepa chabe m'mbuyomo, kampaniyi idali itatulutsa lipoti lake la pachaka, lovomerezedwa ndi akatswiri ofufuza mabuku a ndalama a kampani ya Arthur Andersen, losonyeza kuti chuma chake chikuposa ngongole ndi madola oposa 900 miliyoni.

Nanga ndalama zochuluka chotere zingasowe bwanji m'miyezi yochepa? Zoona zake n'zakuti sizidasowe, kudalibe kuyambira kale. Ndipo imodzi mwa njira zimene dzenjelo lidaphimbidwa nazo ndi mapangano amene munthu wamba wogula inshulansi saaona ndi maso ake, amene pa Chingerezi amati reinsurance.

Mutu umodzi susenza denga

Ambirife inshulansi timaidziwira pa kapepala kamene kamamatidwa pagalasi la minibasi, kaja apolisi apamsewu amathamangira kuyang'ana akangoimitsa galimoto. Ena tili ndi inshulansi ya maliro, ena ya shopu kapena chigayo, ena idabwera pamodzi ndi ngongole ya kubanki. Nzeru yake ndi imodzi: anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono, ndipo amene tsoka lamugwera amapukutidwa misozi ndi ndalama za m'thumba la onse.

Zinthu zimayenda bwino matsoka akamabwera limodzilimodzi. Mutu umaima pamene tsoka lagwera anthu ambiri tsiku limodzi, monga zidachitikira ndi namondwe wa Freddy m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, kapena pamene chinthu chimodzi chimene kampani yalonjeza kuteteza n'chodula kuposa ndalama zimene kampaniyo ingatulutse nthawi imodzi.

Tiyerekeze kuti kampani yavomera kuteteza fakitale ya ndalama zokwana K10 biliyoni. Fakitaleyo itapsa yonse, kampaniyo ikhoza kutseka zitseko. Choncho imasunga gawo limene ingakwanitse, tinene K1 biliyoni, ndipo K9 biliyoni yotsalayo imakaitula kwa makampani ena akuluakulu, n'kuwagawirako ndalama zimene mwini fakitale walipira. Moto ukabuka, aliyense amasenza mbali yake. Imeneyi ndiye reinsurance, inshulansi ya makampani a inshulansi.

Si nzeru ya dzulodzulo ayi. Mu 1842 moto udapsereza mbali yaikulu ya mzinda wa Hamburg ku Germany, ndipo makampani a inshulansi a nthawiyo adaona okha kuti katundu wotere sangamusenze payekhapayekha. Patapita zaka zinayi, mu 1846, kudabadwa kampani ya Cologne Re, imene ntchito yake idali kuteteza makampani anzake basi. Swiss Re idatsatira mu 1863, patangotha zaka ziwiri moto utaononga tauni ya Glarus ku Switzerland, ndipo Munich Re idayamba mu 1880. Kuno ku Africa kuli Africa Re, imene idakhazikitsidwa mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Lagos, komanso ZEP-RE ya ku Nairobi, imene idayambitsidwa ndi maiko a mgwirizano wa zamalonda umene lero timautcha Comesa. Dzina la Cologne Re lija mulisunge, tikumana nalonso.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa pa mapangano amenewa. Choyamba, inu wogula inshulansi mulibe pangano lililonse ndi kampani ya kuseriyo. Nthawi zambiri ngakhale dzina lake simulidziwa. Ikakana kulipira kapena ikagwa, amene ali ndi ngongole kwa inu ndi kampani yanu yomwe ija, ndipo ngati thumba lake ndi lobooka, mwagwira m'madzi.

Chachiwiri ndi chimene chimakopa anthu a mitima iwiri. Kampani ikatula gawo la katundu wake kwa ina, m'mabuku mwake imalemba ndalama zimene ikuyembekezera kudzalandira kuchokera kumeneko ngati chuma chake. Mabuku amaoneka onenepa, ndipo ndalama zimene boma limafuna kuti kampani izisunga pambali zimachepa. Ngati panganolo ndi loona, palibe cholakwika. Koma ngati ndi lachiphamaso, ndiye kuti kampani yawerengera mbuzi zimene sizili m'khola.

Kalata yam'mbali

Nkhani ya HIH siingamveke popanda kampani ina yotchedwa FAI. Iyi idakuzidwa ndi Larry Adler, amene adasamukira ku Australia kuchokera ku Hungary, ndipo iye atamwalira mu 1988, utsogoleri udapita kwa mwana wake Rodney Adler.

Malonda a inshulansi ndi osiyana ndi a tomato. Wa tomato amadziwa mtengo umene waodera asanagulitse. Wa inshulansi amalandira ndalama lero, koma mtengo weniweni wa zimene wagulitsa amadzaudziwa patsogolo, mwina patatha zaka zisanu kapena khumi, milandu ya anthu ovulala ikatha kukhoti. N'chifukwa chake kampani iliyonse imayenera kupatula ndalama zokwanira zodzalipirira zipukutamisozi za mtsogolo. Ikapatula zochepa, phindu la chaka chimenecho limaoneka lalikulu, koma ngongoleyo siipita kulikonse. Imangodikira.

Pofika mu 1998, zidaonekeratu mkati mwa FAI kuti ndalama zimene idapatula zidali zoperewera kwambiri. Njira yachilungamo idali kuwonjezera ndalamazo ndi kulengeza kuti kampani yaluza chaka chimenecho. M'malo mwake, chaka cha ndalama chisanathe pa 30 Juni, FAI idasainirana mapangano ndi makampani awiri. Ina idali General Cologne Re, mdzukulu wa Cologne Re ija ya mu 1846, ndipo ina idali National Indemnity ya ku America.

Munthu wowerenga mapanganowo pamwamba akadaona reinsurance wamba: zipukutamisozi zikadzapitirira mlingo wakuti, makampaniwa adzathandiza FAI. Choncho FAI idalemba nthawi yomweyo m'mabuku mwake ndalama zimene imayembekezera kulandira, pamene ndalama zimene iyo imayenera kulipira zidamwazidwa m'zaka za mtsogolo.

Koma padali makalata ena am'mbali, osamatidwa ku pangano lenilenilo. Makalata amenewa ndi makonzedwe ena oyenda nawo ankaonetsetsa kuti makampani a kuseriwo sadzataya ndalama zawo: chimene angapereke ndi dzanja lamanja chidzabwerera ndi lamanzere. Katundu sadachoke pamutu pa FAI. Chimene chidasintha ndi maonekedwe a mabuku basi.

Amalonda a m'matauni mwathu chinyengo chotere akuchidziwa. Wagolosale wamva kuti mawa kukubwera a bungwe la ngongole kudzaona shopu. Usiku akupita kwa mnzake wa tsidya la msewu kukabwereka makatoni a sopo, mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira, n'kudzaza mashelefu. Alendo afika, aona shopu yodzaza, alemba, apita. Madzulo katundu abwerera kwa mwini wake, pamodzi ndi kangachepe kothokozera. Palibe chimene chabedwa usiku umenewo, koma amene wapereka ngongole poona mashelefu aja wapusitsidwa.

Ku FAI mashelefu adadzazadi. M'malo molengeza kuti yaluza madola pafupifupi 50 miliyoni, kampaniyo idalengeza phindu la madola 8.6 miliyoni msonkho usanachotsedwe.

Amene adakopeka ndi mashelefuwo ndi Ray Williams, mmodzi mwa anthu awiri amene adayambitsa bizinesi imene idadzakhala HIH mu 1968, ndipo adaitsogolera kwa zaka zoposa 30. Williams adali atakhala akusirira FAI kwa nthawi yaitali. Mu Seputembala 1998 HIH idalengeza kuti ikufuna kugula FAI, ndipo kumayambiriro kwa 1999 malonda adatheka pamtengo wa madola pafupifupi 300 miliyoni. HIH sidaloledwe kufufuza mabuku a mkati a FAI isanagule. Idadalira malipoti olengezedwa kwa anthu onse, omwe aja a phindu la 8.6 miliyoni. Ngakhale wogula ng'ombe pamsika amayamba waiyendetsa kaye ndi kuiyang'ana mano, koma apa akuluakulu ovala masuti adagula kampani yonse ili m'thumba.

Tisanamize FAI kuti ndiyo yokha idapha HIH. HIH idali ndi mabala akeake. Idataya ndalama zambiri pa malonda ake a ku Britain komanso pa inshulansi ya anthu ovulala pantchito ku California, m'dziko la America. Nayonso inkapatula ndalama zochepa, ndipo mu 1999 idachita mapangano ake a reinsurance okometsa mabuku ndi kampani ya Hannover Re ya ku Germany. Kugula FAI kudali ngati kusenzetsa thumba la chimanga munthu amene akudwala kale msana.

Zimene woweruza adapeza

Boma la Australia lidakakamizika kulowa m'thumba la okhoma msonkho ndi kupatula madola oposa 500 miliyoni othandizira anthu amene adasiyidwa padzuwa. Lidakhazikitsanso komishoni yofufuza, motsogozedwa ndi woweruza milandu Neville Owen, amene adapereka lipoti lake mu Epulo 2003.

Owen sadapeze kuti akuluakulu a kampani adatuta ndalama zonsezo n'kuthawa nazo. Adapeza chinthu chosachititsa chidwi koma choopsa kwambiri: kampani inkalonjeza zambiri pamtengo wotsika, osapatula ndalama zokwanira, ndipo a bodi amene ntchito yawo idali kufunsa mafunso sankafunsa. Mapangano a reinsurance achiphamaso adathandiza kuchedwetsa tsiku loti choonadi chidziwike. Chaka chilichonse chimene choonadi chidachedwa, anthu ena atsopano ankagula inshulansi ku kampani imene idali kale m'madzi.

Adaonanso kuti anthu atatu a mu bodi ya HIH adali akuluakulu akale a Arthur Andersen, kampani yomwe ija inkafufuza mabuku. Mlonda ndi mwini nyumba adali ngati pachibale.

Mu Epulo 2005, Williams ndi Adler adalamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi ndi theka aliyense, pamilandu yosiyana. Mwa milandu imene Williams adavomera padali wa kuvomereza lipoti la pachaka limene lidakweza phindu la kampani ndi madola 92.4 miliyoni. Adler milandu yake idakhudza nkhani zina za nthawi imene adali mu bodi ya HIH. Akuluakulu ena a FAI amene adazengedwa mlandu pa nkhani ya makalata am'mbali ija khoti silidawapeze olakwa. Izi zidaonetsa kuti kudikira kuti zinthu ziipe kenako n'kuthamangira kukhoti si mankhwala. Ndende siibweza nyumba yakupsa.

Uzani boma, ndipo muliuze msanga

Apa ndi pamene padachokera malamulo amene kwa munthu wongowaona amaoneka ngati ntchito ya mapepala yotopetsa. Bungwe loyang'anira mabanki ndi makampani a inshulansi ku Australia, lotchedwa APRA, lidakhwimitsa zinthu. Kuyambira mu Julaye 2002, ndalama zochepetsetsa zimene kampani ya inshulansi ya katundu ndi ngozi imayenera kukhala nazo zidakwera kuchoka pa madola 2 miliyoni kufika pa 5 miliyoni. Kenako mu 2006 kudabwera malamulo okhudza reinsurance yeniyeniyo.

Malamulowo adati kampani iliyonse ikhale ndi ndondomeko yolembedwa, yovomerezedwa ndi bodi, yofotokoza katundu amene isenze yokha ndi amene itule kwa ena, ndipo ndondomekoyo ipite ku APRA. Adatinso kampani izipereka chikalata chofotokoza mapangano amene ili nawo. Padaikidwa malire a nthawi: pakatha miyezi iwiri pangano litayamba kugwira ntchito, mfundo zake zikhale zitagwirizanidwa ndi kulembedwa, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pangano lonse likhale litasainidwa. Zikumveka zachibwana kuti makampani a mabiliyoni achite kuuzidwa kuti azisaina mapangano awo, koma m'malonda amenewa chidali chizolowezi kugwirana chanza lero, mapepala n'kudzalemba chaka chitapita, mwina ngozi itachitika kale.

Lamulo limene lidalunjika pa bala la FAI ndi ili: pangano lililonse limene silichotsa katundu weniweni pamutu pa kampani, kapena likuchotsa wochepa chabe, liyambe laonetsedwa ku APRA lisanasainidwe. Bungwelo ndilo linene ngati panganolo liwerengedwe ngati reinsurance kapena ngati ngongole wamba. Kubwereka ndalama si mlandu. Mlandu ndi kuveka ngongole malaya a inshulansi.

Ku America nako adapsa ndi moto womwewo. Kumapeto kwa chaka cha 2000 ndi kumayambiriro kwa 2001, kampani yaikulu ya AIG idachita pangano ndi General Re, kudzera ku nthambi ya Cologne Re ya ku Dublin m'dziko la Ireland, limene lidachititsa kuti ndalama zimene AIG idapatula zioneke zochuluka ndi madola 500 miliyoni a ku America. Nkhaniyo itaphulika, mkulu wa AIG wa zaka zambiri, Maurice Greenberg, adatula pansi udindo mu Malichi 2005. Kampaniyo idavomera kuti panganolo lidalembedwa molakwika m'mabuku, ndipo mu 2006 idagwirizana ndi boma kulipira madola 1.6 biliyoni pa nkhaniyi ndi zina.

M'dzikomo inshulansi imayang'aniridwa ndi chigawo chilichonse pachokha, koma akuluakulu oyang'anirawo ali ndi bungwe lawo lotchedwa NAIC, limene limalemba malamulo achitsanzo oti zigawo zitengere. Kuyambira ndi malipoti a chaka cha 2005, mkulu wa kampani ya inshulansi ya katundu ndi ngozi pamodzi ndi mkulu wake wa za chuma adayamba kusaina ndi manja awo chikalata chotsimikiza kuti palibe pangano lam'mbali, lolembedwa kapena lapakamwa, limene likusintha zimene zili m'mapangano awo a reinsurance. Mwa njira imeneyi bwana sangadzanene kuti sankadziwa zimene anyamata ake amachita.

Mu 2011 bungwe lomweli lidawonjeza mfundo ina, yokhudza vuto losiyana: kudalira kampani imodzi mopitirira muyeso. Pangano likhoza kukhala loona, lopanda kalata yam'mbali, koma ngati katundu yense watulidwa kwa mnzako mmodzi, iye akaterereka nonse muli pansi. Choncho lamulo lachitsanzolo lidati kampani idziwitse woyang'anira pasanathe masiku 30 ngati ndalama zimene ikuyembekezera kuchokera ku kampani imodzi, kapena ku gulu limodzi la makampani apachibale, zapitirira theka la chuma chake chotsala ngongole zikachotsedwa. Idziwitsenso pasanathe masiku 30 ngati yatula kwa kampani imodzi ndalama zoposa 20 pa 100 iliyonse ya zimene idatolera kwa makasitomala chaka chapitacho. Ndipo isadikire kuti malirewo adumphidwe. Ikangoona kuti zikulowera komweko, ilankhule.

Onani kuti lamuloli silikuletsa. Kampani yaing'ono ikhoza kukhala ndi zifukwa zomveka zodalira kampani imodzi yaikulu. Chimene likufuna n'chakuti woyang'anira adziwe, ndipo kampani ionetse kuti chiopsezocho ikuchisamala bwino. Kwa ine apa ndi pamene pali nzeru. Boma silingasankhire kampani iliyonse bwenzi lochita nalo malonda, koma lingakane kukhala lomaliza kumva.

Nanga ife kuno?

Wina anena kuti izi ndi za azungu ndi mabiliyoni awo. Koma kampani imene idakupatsani kapepala ka pagalasi kaja nayo ili ndi mapangano ake a kuseri, ena ndi makampani a m'dziko momwe muno, ena ndi akunja. Sizingatheke mwina. Msika wathu wa inshulansi ndi waung'ono, pamene mafakitale, nyumba zosanja ndi nkhokwe za katundu zimene zimafuna chitetezo ndi zodula.

Palinso mbali ina imene ife imatikhudza mwapadera. Kampani yakunja imafuna kulipidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mapangano ambiri otere amanena tsiku limene malipiro ayenera kukhala atafika. M'dziko limene madola amavuta kupeza, ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, funso lakuti kodi kampani yalipiradi anzake akunja pa nthawi yake si la akatswiri okha. Ndi la mwini chigayo amene akuganiza kuti ndi wotetezedwa.

Lamulo la Financial Services Act la mu 2010 lidaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala Registrar of Financial Institutions, kutanthauza mkulu woyang'anira mabanki, makampani a inshulansi, a penshoni ndi mabungwe ena osunga ndalama za anthu. Ofesi imeneyi ndiyo imapereka ziphaso kwa makampani a inshulansi ndi kulandira malipoti awo, ndipo ndiyo ili ndi mphamvu yoitanitsa mapepala amene inu ndi ine sitingawaone.

Munthu wamba sangawerenge pangano la reinsurance, ndipo ngakhale atalipempha sangapatsidwe. Komabe sali chimanjamanja. Asanalipire akhoza kufunsa ngati kampaniyo ndi wogulitsa inshulansi amene wabwera pakhomoyo ali ndi chiphaso cha Registrar. Wabizinesi amene akuteteza katundu wodula ali ndi ufulu wofunsa kuti kampani isenza yokha gawo lotani, ndipo lotsalalo lili ndi yani. Wogulitsa wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli. Makampani amasindikizanso m'nyuzipepala chidule cha malipoti awo a pachaka, masamba aja ambirife timangokulungira zitumbuwa. M'menemo mumaoneka ndalama zimene kampani yatolera ndi zimene yapereka kwa makampani a kuseri. Ndipo kampani ikayamba kuzengereza kulipira chipukutamisozi chimene idavomera kale, lero mawa lero mawa, musangodandaulira anzanu pa bawo. Lembani kalata ku kampaniyo, sungani kope, ndipo zikakanika kadandauleni kwa Registrar. Dandaulo limodzi ndi la munthu mmodzi, koma madandaulo makumi asanu onena kampani imodzi ndi chizindikiro chimene woyang'anira sangachipeze m'malipoti okonzedwa bwino.

Inshulansi yotsika mtengo modabwitsa nayo ndi yofunika kuiyang'ana kawiri. HIH idakula msanga chifukwa, mwa zina, inkatchipitsa kuposa anzake, ndipo makasitomala ankasangalala mpaka tsiku lija la Lachinayi.

Pepala lifike, wina aliwerenge

Tisadzinamize kuti malamulo odziwitsa boma adatseka mipata yonse. Mu 2023 zidadziwika kuti makalata a mabanki a ndalama zokwana mabiliyoni a madola, amene ankaimira chikole pa mapangano a reinsurance okonzedwa kudzera ku kampani ya Vesttoo ya ku Israel, adali achinyengo. Makampani a inshulansi, ambiri a ku America, adathamanga uku ndi uku kufunafuna chitetezo china. Mapepala adalipo, osainidwa ndi kudindidwa bwino. Chidasowa ndi munthu wotsimikiza mokwanira kuti mabanki otchulidwawo akuwadziwadi makalatawo.

Ndipo ngakhale chidziwitso choona chikafika, pamafunika wina wochitapo kanthu. Pa mfundo iyi woweruza Owen sadaisiye APRA. Adanena kuti bungwelo silidagwetse HIH, koma lidaphonya zizindikiro zambiri ndipo lidachedwa kudzuka. Bungwelo lidali lakhanda, lokhazikitsidwa mu 1998, ndipo posamutsa ndi kuphatikiza maofesi lidataya antchito ambiri odziwa za inshulansi.

Mu Julaye 2000, munthu wina amene adagwirapo ntchito mu ofesi ya za chuma ya HIH adapereka ku APRA chikalata chofotokoza mwatsatanetsatane kuti ndalama zopatulidwa ndi zoperewera, kuti chuma china cholembedwa m'mabuku n'chokayikitsa, ndipo kuti kampaniyo mwina idali kale pansi pa mlingo umene lamulo limafuna. Palibe lamulo limene lidamukakamiza kutero. Akuluakulu a bungwelo adachiona chikalatacho ngati madandaulo a wantchito wokhumudwa, ndipo sadachitsatire mozama.

APRA idadzasankha wofufuza wake mu Malichi 2001, mwezi womwe HIH idagwa, patatha miyezi isanu ndi itatu chikalatacho chili mu ofesi.